Ndalama za kafukufuku ku kampani ya ma chip zatsika: kodi mwana wanga agulitse masheya?

Bambo wina wa ku Chinamwali, ku Zomba, walemba motere:

"Ine ndimakonza mafoni ndi malaputopu pafupi ndi msika waukulu wa Zomba. Mwana wanga wamkazi ndi namwino ku Manchester. Ndalama zina zomwe wakhala akusunga kuti timangire nyumba anagulira masheya a Micron, kampani yopanga ma RAM ndi ma SSD ngati omwe ndimaika m'malaputopu a makasitomala anga. Sabata yatha wanditumizira chithunzi pa WhatsApp chosonyeza kuti ndalama zomwe kampaniyi imaika pa kafukufuku zikutsika: mu 2023 zinali 20 peresenti, kenako 14, tsopano 10. Ine pa ntchito yangayi ndinaona ndi maso mmene Nokia inathera. Kodi kampani ikasiya kufufuza si ndiye kuti ikufa? Ndimuuze mwanayu agulitse msanga? Komanso ma RAM akwera mtengo kwambiri masiku ano, kodi nkhani ziwirizi n'zogwirizana?"

Bambo, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo mtima ukhale m'malo. Manambala a pachithunzicho ndi oona, koma sakunena kuti kampaniyo yasiya kufufuza. Manambala atatuwo si madola. Akungoonetsa kuti pa madola 100 aliwonse omwe kampani yapeza pogulitsa katundu, ndi angati apita ku kafukufuku ndi kupanga zinthu zatsopano, zomwe m'malipoti amazilemba kuti R&D. Gawo lotere limatsika m'njira ziwiri: mwina ndalama za kafukufuku zachepadi, kapena malonda akula mothamanga kuposa kafukufukuyo. Ku Micron chachitika ndi chachiwirichi.

Tione madola enieniwo. Chaka cha chuma cha Micron chimatha kumapeto kwa Ogasiti, osati Disembala. M'chaka cha 2022 kampaniyi inagulitsa katundu wa madola pafupifupi 30.8 biliyoni, kafukufuku n'kudya 3.1 biliyoni, kutanthauza 10 peresenti. Mu 2023 msika unagwa, malonda anatsika ndi theka kufika pa 15.5 biliyoni, koma kafukufuku anakhalabe pa 3.1 biliyoni yomwe ija. Ndiye 20 peresenti yomwe ikuoneka ngati chaka chabwinoyo inabwera chifukwa malonda anafota, ndipo ndi chaka chomwe kampaniyo inaluza madola oposa 5.8 biliyoni. Mu 2024 malonda anafika pa 25.1 biliyoni, kafukufuku anakwera kufika pa 3.4 biliyoni, gawo n'kutsikira pafupi ndi 14. Mu 2025 malonda anafika pa 37.4 biliyoni, kafukufuku pafupifupi 3.8 biliyoni, gawo n'kubwerera pa 10. Pa zaka zitatu zomwe mzere wa pachithunzipo ukutsetsereka, madola opita ku kafukufuku akhala akukwera chaka ndi chaka. Amene anajambula chithunzicho akanayambira 2022, mukanaona mzere wokwera kenako n'kubwerera pomwe unali, ndipo mwina kalata iyi simukanalemba.

Chimapangitsa malonda kudumpha chonchi n'chiyani? Memory yomwe imagulitsidwa kwambiri ndi ya mitundu iwiri. Pali DRAM, yomwe inu mumaitcha RAM, ndi NAND, yomwe ili mu memory card, mu flash ndi mu SSD. DRAM yambiri zedi ya padziko lonse imachokera ku makampani atatu okha: Samsung ndi SK hynix a ku South Korea, ndi Micron ya ku Boise, ku America. Inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti kasitomala akabwera ndi laputopu yofuna 8GB ya DDR4, safunsa kuti wapanga ndani, amafunsa mtengo. Ogula akuluakulu nawonso amatero. Tsono fakitale yatsopano imatenga zaka kuti imangidwe, ndipo mitengo ikakoma, onse atatu amakulitsa nthawi imodzi. Katundu uja akamadzatuluka, nthawi zambiri ogula amakhala atakhuta kale, mitengo n'kugwa. Nthawi ya Covid-19 anthu anagula makompyuta ndi mafoni ambiri, makampani anadzaza mosungira mwawo, ndiye pofika theka lachiwiri la 2022 wogula anasowa. Kuno kwathu kugwa kwa mitengoko sitinakumve bwino, chifukwa kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo zomwe zinatchipa kunja zinafika pa Zomba zitakwera kale. Kafukufuku sadumpha chonchi ayi. Ndalama zake zambiri ndi malipiro a mainjiniya, makina oyesera ndi mapulani omwe amayenda zaka zingapo. N'chifukwa chake pa makampani a memory, peresenti ya kafukufuku imakuuzani zambiri za mtengo wa RAM chaka chimenecho kusiyana ndi za kafukufuku weniweniyo.

Komabe funso lanu silinathe, chifukwa nthawi zina madola enieniwo amatsikadi, ndipo mwana wanu adzazionanso zimenezi. Ngakhale m'chaka cha 2023 chija, mukachiduladula m'miyezi itatuitatu, kafukufuku wa Micron anayamba pa madola 849 miliyoni m'chigawo choyamba, n'kumatsika mpaka 719 miliyoni m'chigawo chomaliza. Uku kunali kutsika kwenikweni. Mu Disembala 2022 kampaniyo inalengeza kuti ichepetsa antchito ndi pafupifupi 10 peresenti, iimitsa mabonasi a chaka cha 2023, ndiponso idula malipiro a akuluakulu. Bonasi ya injiniya imalembedwa pansi pa kafukufuku, choncho ikaimitsidwa nambala imatsika ngakhale injiniyayo akubwerabe kuntchito m'mawa uliwonse n'kumagwira zomwe ankagwira. M'chigawo choyamba cha chaka cha chuma cha 2024 nambala ija inabwerera pamwamba pa 800 miliyoni. Kutsika kwa mtundu uwu sindikuopa kwenikweni, bola kusatenge nthawi yaitali mpaka mainjiniya abwino n'kuthawira kwa opikisana nawo.

Pali chifukwa china chomwe anthu ambiri, ngakhale ena ophunzira za chuma, sachidziwa, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono. Kampani ikamakonza mtundu watsopano wa DRAM kapena NAND, sikhala ikungojambula papepala. Imalowetsa m'makina a fakitale mbale zozungulira za silicon, zomwe amazitcha ma wafer, kuti ione ngati chip chatsopanocho chikutuluka bwino, ngati chikupirira kutentha, ngati chingakhalitse. Ma wafer amenewa ndi okwera mtengo kwambiri, ndipo popeza wafer amatenga miyezi kuti adutse m'makina onse, kampani imayamba kuyendetsa ambiri mayeso asanathe, kuti tsiku lovomereza likafika isayambe kudikira. Chip chisanapambane mayeso, mtengo wa ma wafer onsewa umalembedwa ngati kafukufuku. Chikangovomerezedwa kuti n'choyenera kugulitsa, ma wafer a mtundu womwewo, m'makina omwewo, ndi anthu omwewo, amasiya kukhala kafukufuku n'kuyamba kulembedwa ngati katundu wodikira wogula. Micron imafotokoza zimenezi m'malipoti ake a pachaka, kuti ndalama za kafukufuku zimasintha kwambiri malinga ndi nthawi yomwe chinthu chavomerezedwa. Ndiye pali miyezi ina yomwe kafukufuku amatsika chifukwa choti wabala zipatso, ndipo pali ina yomwe amakwera chifukwa chip chikukana kupambana mayeso, ma wafer akungotayika. Munthu wongoyang'ana mzere pachithunzi angasangalale pomwe anayenera kuda nkhawa, n'kuda nkhawa pomwe anayenera kusangalala.

Kenako pali nkhani ya kalembedwe ka mabuku, yomwe ndi ntchito yanga. Makampani a ku America amatsatira malamulo awoawo, omwe amati pafupifupi ndalama zonse za kafukufuku zilembedwe kuti zagwiritsidwa ntchito chaka chomwecho. Makampani a ku South Korea, monganso athu kuno ku Malawi, amatsatira malamulo a kalembedwe ka mabuku a mayiko ambiri otchedwa IFRS. Mmenemo muli lamulo lotchedwa IAS 38, lomwe limasiyanitsa kufufuza ndi kukonza chinthu chomwe chadziwika kale kuti chitheka. Gawo lachiwirili, kampani ikasonyeza kuti chinthucho chithekadi, kuti ili ndi ndalama zochimalizira, ndiponso kuti chidzabweretsa phindu, limalembedwa ngati chuma cha kampani, n'kumachotsedwa pang'onopang'ono m'zaka zotsatira. Zikatero mzere wa kafukufuku umaoneka wochepa pomwe ndalama zatuluka zomwe zija. Pa zaka zomwe ndakhala ndikuwerenga mabuku a makampani, ndaonapo kampani ina, osati ya ma chip, yomwe chaka cha mavuto inangozindikira mwadzidzidzi kuti pafupifupi ntchito zake zonse zatsopano zithekadi, ndipo phindu linaoneka lokongola mpaka tsiku lomwe chuma cha papepalacho chinafufutidwa. Lamulolo palokha si loipa, koma limasiya mpata woti akuluakulu agamule okha, ndipo pomwe pali mpata wotere woyang'ana mabuku amayenera kutsegula maso. Kwa mwana wanu izi zikutanthauza kuti nambala ya Micron ndi ya SK hynix siziyerekezedwa mwachindunji popanda kuwerenga mafotokozedwe a kumapeto kwa lipoti. Ya Samsung ndiye kaya: mu 2023 inaika ma won (ndalama ya ku South Korea) oposa 28 thiriliyoni pa kafukufuku, koma mmenemo muli mafoni, ma TV, mafiriji ndi zina, osati memory yokha. Onjezaninso kuti mawebusaiti ambiri amasintha ma won kukhala madola, ndiye won ikafooka, kafukufuku yemwe wakwera kwawo amaoneka wotsika pachithunzi.

Nthawi zina kampani imatseka dala ntchito yomwe yakhala ikudya ndalama osabweza. Micron ndi Intel mu 2015 analengeza mtundu watsopano wa memory wotchedwa 3D XPoint, womwe unkayembekezeka kukhala pakati pa DRAM ndi NAND. Ogula sanabwere ochuluka. Mu Malichi 2021 Micron inasiya kuukonza, ndipo fakitale yake ya ku Lehi, m'chigawo cha Utah, inagulitsidwa kwa Texas Instruments pa madola 900 miliyoni. Intel nayo inatseka malonda ake a Optane, dzina lomwe inkagulitsira memory imeneyi, mu 2022. Ine kudula kumeneku ndimakuona kuti kunali kwanzeru, ngakhale kunachedwa. Mgwirizano womwewo ndi Intel ukutiphunzitsanso china: zaka zomwe ankagawana mtengo wa kafukufuku, nambala yomwe Micron inkalemba inali itachotsedwa kale gawo lomwe Intel inkabweza. Mnzako akalowa m'ntchito nambala imatsika, akatuluka imakwera, koma mainjiniya ndi omwewo.

Tsopano ndinene chomwe chimandiopsa ine. Mlimi pa chaka cha njala amachepetsa aganyu, amasiya kaye kumanga nkhokwe yatsopano, mwina n'kugulitsa mbuzi, ndipo zonsezi mvula ikabwera bwino zimabwerera. Koma akadya mbewu yomwe anasungira kudzala, chaka chamawa wachitaya kale. Pa kampani ya memory, nkhokwe ndi ndalama zomangira mafakitale ndi kugula makina, zomwe amazitcha capex, ndipo mbewu ndi kafukufuku. Kampani yathanzi mavuto akafika imayamba kudula capex. Micron inatero: kuchoka pa madola pafupifupi 12 biliyoni mu 2022 kufika pafupifupi 7 biliyoni mu 2023, pomwe kafukufuku wa chaka chonse sanasunthe. Samsung nayo, itakana kwa miyezi, mu Epulo 2023 inalengeza kuti ichepetsa kupanga memory, koma kafukufuku wake chaka chimenecho anakwera. Mukadzaona kampani ikudula kafukufuku kwambiri kuposa capex, kapena ikudula zonse ziwiri chaka ndi chaka pomwe anzake awiri aja akukweza, pamenepo ndiye pofunika kufunsa mafunso olimba.

Kutsalira pa malonda amenewa kumapha chifukwa mtengo wogulitsira suikidwa ndi iwe. M'badwo watsopano uliwonse wa chip umalola kampani kutulutsa ma GB ambiri pa wafer mmodzi, ndiye mtengo wopangira GB imodzi umatsika. Wotsalira m'badwo umodzi amagulitsa pa mtengo womwewo ndi anzake, koma iye wawononga zambiri popanga. Mitengo ikakoma sizioneka. Ikagwa, iye ndi woyamba kuluza komanso womaliza kuchira, ndipo ndalama zofufuzira m'badwo wotsatira zimasowa, n'kutsaliranso kwambiri. Kampani ya ku Germany ya Qimonda inagwa mu Januwale 2009, ili ndi mainjiniya aluso komanso njira yatsopano yopangira DRAM yomwe inali isanathe kuipindulira. Elpida ya ku Japan inagwa mu Febuluwale 2012, ndipo Micron inaigula mu 2013 pamodzi ndi fakitale ya ku Hiroshima yomwe lero ndi imodzi mwa zofunika kwambiri kwa iyo. Awiriwa sanagwe chifukwa chodana ndi kafukufuku. Ndalama zinawathera mitengo ili pansi. N'chifukwa chake ine ndikaona kafukufuku akutsika, tsamba lotsatira lomwe ndimatsegula ndi la ngongole ndi ndalama zomwe zili ku banki. Kampani yomwe ikudula chifukwa yasankha ndi yosiyana kwambiri ndi yomwe ikudula chifukwa okongoza aigwira pakhosi.

Mwatchula Nokia, ndipo mwachita bwino, koma nkhani yake ikuphunzitsa zosiyana ndi zomwe mukuganiza. Zaka zomwe iPhone ndi mafoni a Android ankailanda msika, Nokia inkaika ndalama zambiri pa kafukufuku kuposa Apple. Vuto linali komwe ndalamazo zinkapita ndi zomwe akuluakulu ankasankha kutulutsa, mpaka malonda ake a mafoni anagulitsidwa kwa Microsoft mu 2014. Pa memory palinso chitsanzo chaposachedwa. SK hynix inapanga HBM yoyamba mu 2013, mtundu wa DRAM wosanjikiza womwe umaikidwa pafupi ndi purosesa kuti zinthu ziziyenda mothamanga. Kwa zaka zambiri ogula anali ochepa, koma inapitiriza. Nyuzipepala za ku South Korea zakhala zikulemba kuti cha mu 2019 Samsung inachepetsa gulu lake la mainjiniya a HBM poganiza kuti msikawo sukula. ChatGPT itatuluka mu Novembala 2022, makampani n'kuyamba kulimbirana ma chip a Nvidia oyendetsera AI, omwe amafuna HBM, HBM inasanduka katundu wa phindu lalikulu, ndipo SK hynix ndiyo inali yokonzeka. SK hynix, yomwe inaluza ma won 7.7 thiriliyoni pa ntchito zake mu 2023, inapeza phindu la 23.5 thiriliyoni mu 2024, ndipo kumayambiriro kwa 2025 inapitirira Samsung pa malonda a DRAM. Chomwe ndikufuna muone apa n'chakuti kuyambira 2019 mpaka 2024 ndalama zonse za kafukufuku za Samsung zinkakwera. Kudula komwe kunaipweteka kwambiri sikunaoneke pa mzere uliwonse wa pachithunzi.

Nanga ngati nambalayo ili yonyenga chonchi, munthu ayang'ane chiyani? Ayang'ane zomwe zikutuluka. Pa NAND amapikisana pa kuchuluka kwa nsanjika mkati mwa chip. Samsung inayamba ndi nsanjika 24 mu 2013. Micron inafika pa 176 mu 2020 ndi 232 mu 2022, ndipo SK hynix inayamba kupanga ya 321 kumapeto kwa 2024. Pa DRAM, Micron imatcha mibadwo yake 1-alpha, ya 2021, 1-beta, ya 2022, ndi 1-gamma, ya 2025, yomwe ikugwiritsa makina a EUV, ojambulira timizere tating'ono kwambiri pa wafer, a kampani ya ASML ya ku Netherlands, omwe amodzi okha mtengo wake umapitirira madola 150 miliyoni. Mu Febuluwale 2024 Micron inayamba kupanga HBM3E, m'badwo wina wa HBM, yambiri yopita mu ma chip a Nvidia a H200. Kampani yomwe yasiya kufufuza sitha kuchita zimenezi. Mwana wanu asavutike kumvetsa zonse za uinjiniya. Angoona ngati zomwe kampani inalonjeza chaka chatha zatuluka pa nthawi yake, ngati ogula akuluakulu akuvomereza katundu wake watsopano, komanso ngati phindu lake pa katundu wogulitsidwa likufanana ndi la SK hynix m'miyezi yomweyo. Masiku olonjezedwa akamangosunthidwa, akuluakulu n'kumasintha nkhani akafunsidwa, chimenecho ndi chizindikiro cholemera kuposa peresenti iliyonse.

Zonsezi zimapezeka kwaulere. Kampani ya ku America ngati Micron, yomwe masheya ake amagulitsidwa pa msika, imapereka ku SEC, bungwe loyang'anira misika ya masheya kumeneko, lipoti la pachaka lotchedwa 10-K ndi la miyezi itatu lotchedwa 10-Q, ndipo onse ali pa intaneti. Mkati mwake muli gawo lotchedwa Management's Discussion and Analysis, momwe akuluakulu amayenera kufotokoza chifukwa chomwe nambala iliyonse yasinthira. Ndime ya kafukufuku imakhala yaifupi, mizere yochepa chabe, ndipo imanena ngati kusinthako kwabwera ndi malipiro, ma wafer oyesera kapena makina. Muuzeni mwanayo kuti asanakhulupirire chithunzi chilichonse, awerenge ndime imeneyo, ndipo ayang'ane madola a zaka zosachepera zisanu, osati zitatu zosankhidwa ndi munthu wina. Ngati inu mukufuna kuona nokha koma chizungu cha mmenemo chikulemera, wophunzira za chuma aliyense wa pa yunivesite ku Chirunga angakuthandizeni kupeza tsambalo, kapena akauntanti wovomerezeka ndi ICAM, bungwe la maakauntanti kuno ku Malawi.

Za mtengo wa RAM pa shopu yanu, zikugwirizana ndithu, koma osati chifukwa kafukufuku wachepa. Micron yokha inanenapo kuti kupanga HBM3E kumadya ma wafer pafupifupi katatu poyerekeza ndi DDR5 ya kukula komweko. Popeza HBM ndi memory ya ma data centre zikulipira bwino, makampani atatu aja asamutsira makina awo kumeneko, ndipo mu 2025 anayamba kusiya pang'onopang'ono DDR4, yomwe ili m'malaputopu ambiri omwe amafika pa tebulo lanu. Mu Disembala 2025 Micron inalengezanso kuti ikusiya malonda a Crucial, dzina lomwe mwakhala mukuliona pa ma RAM ndi ma SSD ogulitsira anthu wamba. Ndiye chomwe chikukweza malonda a kampani yomwe mwana wanu ali ndi masheya ndi chomwechonso chikukwezera inu mtengo wa katundu. Malangizo anga ndi akuti musataye ma RAM abwino a m'malaputopu akufa, muziwayesa n'kuwasunga, ndipo muzichenjera ndi ma memory card ndi ma SSD abodza, omwe amachuluka katundu akasowa. Koma musakongole katapila kuti muunjike katundu poganiza kuti mitengo izingokwera. Msika uwu unagwapo kambirimbiri, ndipo ukagwa sudziwitsa.

Apa ndiye pali nkhawa yanga yeniyeni pa kalata yanu, Bambo, ndipo si ya kafukufuku. Bwererani ku manambala aja. Chaka china chomwe gawo la kafukufuku linali pa 10 peresenti chinali 2022, ndipo chaka chotsatira malonda anatsika ndi theka. Sindikulosera kuti zichitikanso chaka chamawa, ndipo amene angakuuzeni mwezi womwe mitengo idzagwe musamukhulupirire. Ndikungoti peresenti yotsika pa kampani ya memory nthawi zambiri imasonyeza kuti malonda ali pamwamba, ndipo pamwamba pa msika uwu sipakhalitsa mpaka kale. Ndalama yomwe ili ndi ntchito yodziwika, ngati yomangira nyumba m'zaka ziwiri kapena zitatu zikubwerazi, siyenera kukhala yonse m'kampani imodzi yomwe phindu lake limadumpha chonchi, ngakhale kampaniyo ikhale yoyendetsedwa bwino bwanji. Mitengo ya masheya ikadzagwa nthawi yomwe amisiri akudikira simenti ndi malata, mwanayo adzakakamizika kugulitsa motchipa. Kumbukiraninso kuti iye amalandira mapaundi, masheya ali m'madola, ndipo nyumba idzamangidwa ndi makwacha. Pamenepo pali ndalama zitatu, ndipo iliyonse imasuntha payokha.

Njira zilipo zingapo, ndipo kusankha n'kwa mwini ndalama. Akhoza kugulitsa gawo lokwanira ntchito yomwe mukufuna kuyamba posachedwa, monga maziko ndi makoma, n'kusiya zotsalazo. Akhoza kusamutsira zina ku thumba logula makampani ambiri nthawi imodzi, kuti kugwa kwa imodzi kusamugwetse. Akhozanso kusiya zonse mmene zilili ngati nyumbayo si ya changu ndipo mtima wake ungapirire kuona mtengo utatsika kwambiri kwa chaka kapena ziwiri. Ine mwa zitatuzi ndimakonda yoyamba ikakhala kuti kumanga kuli pafupi. Chomwe sindingalangize ndi kugulitsa zonse lero chifukwa cha chithunzi chija, kapena kuwonjezera ndalama zina chifukwa ndanena kuti kafukufuku sanatsike.

Asanagulitse kanthu, aonane ndi mlangizi wa zachuma wovomerezeka kumene akukhalako. Ku United Kingdom alangizi otere amalembetsedwa ndi Financial Conduct Authority, ndipo mndandanda wawo uli pa intaneti, choncho angathe kutsimikizira dzina la munthuyo asanamuuze za ndalama zake. Amufunse za msonkho pa phindu la masheya, chifukwa umadalira mtundu wa akaunti yomwe anagulira, ndiponso za njira yabwino yotumizira ndalama kuno kudzera ku banki. Thandizo lotere likufunika msanga ngati masheyawa ali oposa theka la zonse zomwe wasunga, ngati anakongola kuti agule, kapena ngati nkhawa yayamba kumusowetsa tulo pa ntchito yake yomwe ndi yolemetsa kale. Inunso ngati mutafuna kuika ndalama zanu m'masheya akunja, yambani mwafunsa ku banki yanu, chifukwa kutulutsa ndalama kunja kuli ndi malamulo a Reserve Bank of Malawi, ndipo Micron sigulitsidwa pa msika wa masheya wa ku Blantyre. Magulu a pa WhatsApp omwe amati tumizani ndalama pafoni tikugulireni masheya a makampani a AI, muwapewe ndithu. Mukamalankhula naye mwanayo, mumufunse kaye kuti nyumbayo akufuna iyambe liti ndiponso kuti ndalama zake zonse zili kuti, ndipo mayankho awiriwa apite nawo kwa mlangiziyo.